Kaseti ya Agalu Achiwewe

Margareta anakhala pabanja ndi Nathaniel zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo sanamvepo munthu wa mutu wabwinobwino akunena kuti bambo ameneyu ankadziwa kuimba. Wonena zimenezo anachita kudikira kuti mwiniwakeyo alowe kaye m'manda. Patatha milungu isanu chichitikireni maliro, pakhomo pa Margareta pa Mponela panatulukira mtsikana wa ku Lilongwe, dzina lake Faith, wa ndolo pamphuno ndi buluku long'ambidwa dala m'mawondo. Anati ntchito yake ndi kusaka nyimbo zakale zoiwalika n'kumaziika pa intaneti, ndipo malemuwo anali katswiri wa nyimbo zotchedwa panki.

Panki imeneyi Margareta ankaidziwa ndi dzina lake lenileni, phokoso. Mu 1992 anyamata atatu othamangitsidwa pasukulu ya mishoni anatola kaseti ya panki imene mphunzitsi wina wachizungu anaisiya pochoka. Anaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti kusadziwa kuimba si chifukwa chokhalira chete. Nathaniel anatenga gitala ndi ntchito yokuwa, Yeremiya anatenga besi ya nsambo ziwiri, Felton n'kumamenya zigubu ndi zivundikiro za mapoto. Anadzitcha Agalu Achiwewe, ndipo pa dzina lokhalo sananame. Anaimba pagulu katatu. Kawiri anawathamangitsa ndi zibuma, kachitatu kunabuka ndewu. Chimene anasiyira dziko ndi kaseti imodzi yopanda chilembo, m'kachikwama kojambulidwa galu, yomwe Nathaniel anaisunga m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi mpaka tsiku limene matenda a shuga anamutenga.

Faith anafika koyamba Lamulungu. Bokosi linatsegulidwa pamaso pa Yeremiya, Felton ndi Gideoni, mkulu wake wa malemu, mlimi wa fodya wa ku Malomo. Magetsi anali atazima, kotero kasetiyo anangoidyetsa maso n'kuibwezera. Margareta anakhoma loko, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Lachitatu masana Faith anabweranso ndi wailesi ya mabatire, Gideoni ali pambali pake m'jekete lakuda, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Faith analowetsa kaseti, kutsinzina ngati munthu wolandira mgonero, n'kudina batani. M'nyumba monse munadzaza mawu okoma a amayi a Chigwirizano akuimba nyimbo yotamanda.

Gideoni anadikira vesi yonse ithe. Anali munthu wokonda kuti anthu amudikire.

"Alamu," anatero, "kiyi wa bokosili amasunga ndani?"

"Ine."

"Wa Chigwirizano m'nyumba muno ndani?"

"Ine."

"Nanga uja ankati tsiku lina adzaponya kaseti imeneyi m'chimbudzi, Mponela yense akumva?"

Ameneyonso anali iye. Ananena kangapo konse, ndipo sankanena moseka.

"Loweruka kuli mwambo wosudzula," Gideoni anapitiriza, akusisita bondo. "Ife monga banja tinali ndi maganizo okusiyani m'nyumba muno. Koma munthu amene wayamba kusowetsa katundu wa malemu asanagawidwe, ife monga banja tidziwa bwanji kuti mawa sagulitsa malowa? Yambani kulongedza, alamu. Ku Nachisaka nakonso kumakhala anthu."

Nyumbayo inali pamalo a kuchimuna, zimenezo n'zoona. Koma njerwa zake zinachokera m'fumbi la choko limene Margareta anameza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu akuphunzitsa Sitandade 4, mwamuna wake akukonza mawailesi amene ambiri sankakonzeka. Kwawo ku Nachisaka makolo anatha kalekale, minda n'kugawidwa kwa ana a ang'ono ake. Akapita kumeneko ndiye kukagona m'khitchini ya munthu. Anachita mantha, mantha enieni. Gideoni atangotuluka pageti manthawo anasanduka ukali. Kutaya nyumba chifukwa cha moto kapena mvula akanamvetsa, koma osati chifukwa cha zivundikiro za mapoto.

* * *

Margareta anayamba ndi Faith, yemwe anali atakhala pakhonde akulirira foni yake.

"Anti, simukumvetsa. Ndinauza kale anthu a ku Jeremani. Kopi ndi imeneyo yokha padziko lonse. Ndi mbiri ya dziko imeneyi, anti."

"Mbiri ya dziko idikire. Lamulungu, ine nditapita kukafulula tiyi, kaseti inali pati?"

"Patebulo, m'kachikwama kake."

"Iwe unali pati?"

Faith anayang'ana pansi monga ankachitira ana osalemba homuweki. "Ndinatuluka pang'ono. M'nyumba mwanumu netiweki ndi yovuta."

"Pang'ono pake mphindi zingati?"

"Mwina teni."

"Ndiye kuti makumi awiri. Anatsala ndani?"

"Madala atatu aja. A Felton ankalira, kuipsompsona kasetiyo. A Gideoni ankangosekerera. Koma a Yeremiya, anti, anakana ngakhale kuikhudza. Potsanzikana anandikokera pambali, ati dzina lawo likatuluka pa intaneti ndidzayankha kumwamba."

Margareta anatembenuza kaseti ya kwaya m'manja. Inalibe chilembo, mtundu wake wofanana ndi inayo. Munthu sayenda ndi kaseti m'thumba masiku ano ngati mpango. Amene anasinthayo anachoka nayo kunyumba kwake atakonza kale zonse. Anabwereka wailesi ya Faith, kuikulunga m'chitenje, n'kulunjika kumsika.

* * *

Yeremiya, yemwe kale ankadumpha pasiteji atavala thumba la feteleza, tsopano anali mkulu wa mpingo ndiponso mwini golosale. Ankalankhula chilichonse ngati akutsekera mapemphero, ngakhale pouza munthu kuti sopo watha.

"Mayi, za Agalu zija ndinazitula pamtanda mu 1995. Munthu wakale uja anafa."

"Anafa, koma dzina lake lili pakachikwama. Mwatenga kaseti ndinu?"

Yeremiya anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Sindikubisirani. Chiyambire kumva za mtsikana uja ndakhala ndikugwada m'mawa uliwonse kupempha kuti chinthu chimene chija chidyedwe ndi chiswe. Ndili ndi zidzukulu, mayi. Ndimayang'anira makwaya asanu ndi awiri. Koma kupempherera chinthu ndi kuchiba n'zosiyana."

"Ine ndili kukhitchini munali pati?"

"Ndinapita kuseri kukasamba m'manja. Felton anali atandigwira dzanja atangochoka kupsompsona zonyansazo."

"Anakuonani ndani?"

"Amene amaona zonse."

"Ameneyo sabwera Loweruka kudzachitira umboni."

Margareta anaika wailesi pakauntala, pakati pa machesi ndi mabisiketi, n'kudina. Ankafuna kuona ngati nkhope ya bamboyo isinthe. Inasinthadi, koma osati mwa munthu wogwidwa. Yeremiya anapendeketsa mutu, chala chikumenya kauntala. Mwa Agalu atatu aja ndi iye yekha amene anabadwa ndi khutu, mwina n'chifukwa chake ndi iye yekha amene anachita manyazi.

"Amayi awa si athu a pa Mponela," anatero. "Athu amathamanga ngati asiya ndiwo pamoto. Tamverani mmene awa akukokera mawu kumapeto kwa mzere, kukwera kenako kutsetsereka. Kaimbidwe ka kumapiri a Ntchisi aka. Ndinganene kuti mbali ya Malomo, ndipo ndi kaseti yakale."

Margareta anazimitsa wailesi. Mwa amuna atatu amene anatsala ndi kaseti patebulo, awiri ankakhala ku Malomo.

* * *

Lachinayi analawirira minibasi ya ku Ntchisi, kenako njinga yamoto ya kabaza imene inamugwedeza mafupa onse m'zitunda zouma, momwe anthu anali atayamba kale kugalauza mizere kudikira mvula. Anayamba ndi Felton, chifukwa Felton sankatha kusunga mawu m'kamwa.

Anamupeza pansi pa chisakasa akuwotcherera feremu ya ngolo. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu, imvi mbuu, koma m'khosi atapachikabe tcheni cha njinga chokhala ndi kaloko. Zigubu zija zinamugonthetsa khutu limodzi ndi theka, choncho ankalankhula ndi aliyense ngati ali kutsidya kwa mtsinje.

"Amadamu! Mwabwera kudzandimanga?"

"Ndabwera kudzafunsa ngati mwaba kaseti."

"Kaseti? Ine? Ine ndikanaba ndikanatenga ndi kachikwama komwe! Galu uja ndinajambula ndine, masiku atatu! Ine ndikufuna dziko limve, amadamu! Tinali oopsa ife!"

"Munali oopsadi. Lamulungu munatulukapo m'nyumba?"

"Anandituma a Gideoni! Ati ndikaone njinga yawo yamoto, chitsulo chopondera chikugwedera! Ndinakagwada pamenepo, kugwedeza, kugwedeza, chili nganganga! Palibe chimene chinavuta!"

"Yeremiya anali pati?"

"Abusa aja? Anali atathawira kumpopi!"

Margareta anatulutsa wailesi. Felton anagunditsa khutu lake latheka pasipika, maso ali kudenga. Mwadzidzidzi anaseka mpaka kutsokomola.

"Uyu akutsogolerayu ndi Luckness! Mkazi wa a Gideoni, akadali mtsikana! Mawu awa ndingawaiwale? Ndinamufunsira kawiri, kawiri konse anandikana, ati ndimanunkha zitsulo!"

Ndiye kuti Gideoni anatsala yekha ndi kaseti, ndipo yolowa m'malo inachokera m'nyumba mwake. Margareta sanadabwe, koma chinthu chimodzi sichinkalumikizana. Kuti amuchotse m'nyumba, Gideoni akanatha kupeza chifukwa china chosavuta. Munthu wokonda kutchuka ngati iyeyo akanasiyiranji mwayi woti dzina la banja limveke ku Jeremani?

Atafunsa zimenezo, Felton anazimitsa makina ake, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa.

"Amadamu, mbali yachiwiri simunaimverepo?"

"Sindinafikepo ngakhale pakati pa mbali yoyamba."

"Zaka zonsezi?"

"Ndinali ndi ana oti ndilere ndiponso makutu oti ndisunge."

Felton anapukusa mutu n'kufotokoza. Mu 1991 atsibweni awo a Nathaniel ndi Gideoni, mlongo wa mayi awo, anamwalira n'kusiya mkazi, mayi Eveline. Gideoni, monga mphwake wamkulu, anapita ndi ngolo mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, n'kukazula malata onse panyumba ya mayi wamasiyeyo, ati ndi chuma cha mbumba. Mayiyo anagona pansi pa mapepala apulasitiki mpaka chifuwa chinamutenga. Banja lonse linaona, banja lonse linatseka pakamwa. Nathaniel yekha anapeka nyimbo, yoyamba ya mbali yachiwiri, yotchula Gideoni dzina.

"Ndewu ya pa Mponela ija inayamba choncho! Titangoiyamba, a Gideoni anakwera pasiteji n'kuzula mawaya pabatire! Malata omwewo ali pachigafa chawo mpaka lero!"

Za ndewuyo Margareta ankadziwa, koma nthawi zonse ankaganiza kuti anthu anangotopa ndi phokoso.

"Basitu yapita," anatero Felton. "Anaiotcha."

"Gideoni?" Margareta anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Munthu amene amazungulira mtunda wathunthu kuopa kudutsa kumanda masana? Katundu wa wakufa saotchedwa kapena kutayidwa mwambo usanachitike, mwiniwake amabwera kudzafunsa. Kuba angabe, koma kuotcha sangayerekeze. Waibisa penapake mpaka Loweruka lidutse."

* * *

Kwa Gideoni kunali mtunda wa theka la ola wapansi. Mwiniwake kunalibe, anali atapita ku boma kukafunsa za feteleza. Margareta anadutsa pachigafa, kuyang'ana malata ake adzimbiri, n'kutsetserekera kudimba kumene anamuuza kuti Luckness akuthirira nazale ya fodya.

Anamva kaye kulira kwake asanaone chinthucho, kamluzu kopyapyala kobwera ndi mphepo. Pamwamba pa mabedi anayi a nazale, kuchoka pachikhomo china kufika pa china, panali patamangidwa ulusi wabulauni wonyezimira, ukuphethira padzuwa.

"Amake Thoko! Mwatiyendera lero?" Luckness anatula keni, akupukuta manja. Anali mayi wosadziwa kubisa kanthu, ndipo Margareta ankamumvera chisoni chosakanikirana ndi kutopa. "Mukuona nzeru zangazi? Nkhuku za anthu zinatitha, kupalasa udzu wonse pamabedi. Mpheta nazonso. Chimangireni ichi Lachiwiri, palibe yafikapo ngakhale imodzi."

"Mwautenga kuti ulusiwu?"

"Ndi kaseti yakutha. Ndinaipeza itatsomekedwa kudenga la chigafa pofunafuna mkeka wakale. Bambo ndi choncho, amasunga zinthu zopanda ntchito. Wailesi ya kaseti inafa kalekale kwathu kuno. Ndinayamba ndafuna yanga ija ya kwaya, yomwe tinajambula ndili mtsikana, koma sindikuiona. Ndiye ndinati iyi yomweyi igwire ntchito."

"Bambo auona?"

"Iwo kudimba? Amabwera tsiku lowokera, kudzaloza ndi chala."

Margareta anayenda m'mbali mwa bedi loyamba, ulusi ukudutsa pakati pa zala zake. Ankafuna chinthu chimodzi. Mu 1994, atangolowa m'banja, tepi ya kaseti ija inaduka, ndipo Nathaniel anailumikiza ndi kyuteksi wofiira wopaka m'zikhadabo amene Margareta anagulira tsiku la ukwati, n'kusiya botolo losatseka mpaka kuuma. Sanalankhulane masiku atatu. Pabedi lachitatu, pafupi ndi chikhomo, chala chake chinagunda kachotupa. Kadontho kofiira kanali pomwepo, katachita kuderako ndi zaka.

Anaimirira n'kuyang'ana dimba lonselo. Ntchito yonse ya moyo wa amuna atatu, mbiri ya dziko imene anthu a ku Jeremani ankaidikira, inali ikuopseza nkhuku. Ndipo nkhukuzo zinkaopadi.

"Kodi ndalakwitsa?" Luckness anafunsa, ataona nkhope yake.

"Ayi, mnzanga. Ndinu munthu woyamba kuzipezera ntchito nyimbo zimenezi. Koma ndi za malemu bambo a Thoko."

Luckness anagwira pakamwa. Anayang'ana ulusi, kuyang'ana kumtunda kumene kunali chigafa, ndipo Margareta anaona zinthu zikulumikizana pang'onopang'ono m'mutu mwa mayiyo.

"Musanditchule Loweruka, amake Thoko. Ndimagona m'nyumba mwake."

"Sindikutchulani. Ndipatseni chitsononkho ndi chikhokho cha kasetiyo."

Anakulunga okha awiri, mosamala, kuchoka pachikhomo kupita pa china, zidutswa zitatu. Pomaliza zala za Margareta zinali zitachita bulauni ngati wagwira fodya.

* * *

Lachisanu lonse linathera patebulo la m'balaza pa Mponela. Felton ankalumikiza zidutswa ndi guluu, Margareta akupota ndi bolopeni, Faith akuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Anti, chonde, musaiike m'wailesi imeneyi. Yakhala padzuwa masiku atatu, onani ikusuluka. Ikhoza kuyenda kamodzi kokha. Ndipatseni ndipite nayo ku Lilongwe, kuli situdiyo, akaitsuka bwinobwino n'kuikopera. Milungu iwiri yokha."

"Mwambo ndi mawa."

"Ingowauzani kuti mwaipeza."

"Ndawapezera ulusi m'dimba. Gideoni adzati ulusi ndi ulusi, ndautola kudzala. Mkazi wake sangalankhule. Felton adzati ndi chidakwa chogontha."

"N'zoona zimenezo!" anavomereza Felton.

"Koma anti, ikaonongeka ndiye kuti Agalu Achiwewe atha. Palibe adzadziwe kuti anakhalapo."

"Ikapita ku Lilongwe, milungu iwiriyo ine ndikagona kuti? Pa intaneti?"

Faith anatembenukira kwa Felton, poganiza kuti mwini zigubu amuthandiza. Bamboyo anayang'ana kaseti nthawi yaitali, akusisita kaloko ka m'khosi.

"Ife sitinkaimbira a ku Jeremani," anatero. "Tinkaimbira a Gideoni. Ipotereni kumayambiriro a mbali yachiwiri."

* * *

Loweruka m'mawa abale anadzaza pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamikeka. Wotsogolera mwambo anali a Filipo, mng'ono wawo wa atsibweni omwalira aja, nkhalamba yowonda yosakonda mawu ambiri. Yeremiya anatsegula ndi pemphero lalitali mwakuti ena anayamba kusinza. Faith anali atakonzeka kujambula ndi foni, koma a Filipo anamuloza ndi ndodo.

"Za pabanja sizijambulidwa. Mafoni onse m'lichero umo."

Faith anafuna kutsutsa. Anayang'ana ndodoyo n'kuponya foni m'lichero, misozi ili m'maso.

Gideoni analankhula theka la ola. Anati ife monga banja kasanu ndi kawiri, Margareta ankawerenga. Anatamanda luso la mng'ono wake, limene dziko lonse linali pafupi kulimva. Anadandaula kuti mkazi amene sanalemekeze lusolo mwamuna ali moyo walifafaniza mwamuna atafa. Anamaliza ndi kunena kuti ngolo yonyamula katundu wa alamu ailipirira yekha, mwa chifundo.

Margareta anayenda chogwada mpaka pakati pa bwalo, monga mwa ulemu, n'kuika wailesi patsogolo pa a Filipo.

"Katundu amene akuti ndasowetsa ndi uyu. Ndinamupeza ku Malomo, atachoka kudenga la chigafa cha alamu anga."

Panamveka kung'ung'udza. Gideoni anaseka, koma kusekako kunatuluka mochedwa.

"Kaseti ndi kaseti. Lachitatu anatipatsa kwaya, lero atipatsa chiyani? Ulaliki?"

"Timve," anatero a Filipo.

Margareta anadina yekha. Poyamba kunamveka mphepo, kenako chiphokoso ngati ngolo yodzaza mapoto ikugubuduzika paphiri. Mwana wina wa kumbuyo analira. Yeremiya anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo. Dzuwa la kudimba linali litapinda mawu onse, gitala ikukwera ndi kutsika ngati yaledzera, ndipo kunena zoona Margareta sanamve kusiyana kwenikweni ndi kale. Ndiye pamwamba pa zonsezo panatuluka mawu a mnyamata, osasa, okuwa mpaka kukhosi kung'ambika.

"Gideoni! Gideoni! Malata a Eveline ali kuti?
Mvula ikugwa pamphasa, iwe ukuwongola misomali!
Gideoni! Gideoni! Maliro kwa iwe ndi msika!
Ndikadzafa ine, denga langa ulisiye!
Ulisiye! Ulisiye! Uli..."

Phokoso linadukira pomwepo. Palibe anadabwa, nyimbo za Agalu zinkatha choncho, ngati munthu wagwa m'dzenje.

Amayi achikulire awiri ankapukuta maso ndi nsonga za zitenje, ndipo sankalirira kukoma kwa nyimbo. Gideoni anatsegula pakamwa.

"Zachibwana izi. Anali mwana, ankasuta..."

"Khala chete," anatero a Filipo, osakweza mawu. "Eveline anali mlamu wanga. Ngolo ija inadutsa pakhomo panga, ine ndili pakhonde, ndipo sindinanene kanthu. Tonse tili pano akuluakulu sitinanene kanthu. Ananena ndi mwana uyu, ife n'kumati ndi wamisala." Anatsamira pandodo n'kuyang'ana abale mmodzimmodzi. "Mwiniwake wa nyumba walankhula. Alipo akufuna kutsutsana naye?"

Panalibe. Nyumba inatsala ndi Margareta, pamodzi ndi malo ake mpaka kumpanda, ndipo a Filipo analamula kuti zilembedwe tsiku lomwelo pamaso pa onse. Gideoni ananyamuka mwambo usanathe, ati mutu ukumupweteka. Njinga yake yamoto inavuta kulira, ndipo anaikankha yekha mpaka kumsewu, popanda womuthandiza.

Anthu atayamba kubalalika, Margareta anatsala atakhala pamkeka pafupi ndi wailesi. Anali atapambana, ndipo ankayembekezera kumva kukoma. Nyimboyo inali yoipa. Inali yoipa monga ankanenera nthawi zonse, yopanda mutu, yopanda kayendedwe, mawu osagwirizana ndi gitala ngakhale pamodzi. Koma anali mawu a Nathaniel, amene anali asanawamve milungu isanu ndi umodzi, Nathaniel wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wokwiyira chinthu choyenera kukwiyira pamene akuluakulu onse anali chete. Munthu ameneyu anagona naye chipinda chimodzi zaka zonsezi, nyimbo ili kunsi kwa bedi, ndipo sanafunepo kudziwa chimene ankakuwira. Chinamuwawa kwambiri, mpaka manyazi anamugwira.

"Tabwezera," anauza Faith. "Ndimvenso. Ndi zinazo zomwe, zonse, kuyambira mbali yoyamba."

Faith anagwada n'kutsegula kachitseko ka wailesi. Kaseti inatuluka ikukoka ulusi wopotanapotana, wodukaduka, umene unali utazengerera m'mano a makina. Utoto wabulauni unali utasulukira m'kati monse ngati fumbi, ndipo chotsala chinali kapulasitiki koyera koonekera kuseri. Felton anaunyamula padzanja, kuuyang'ana padzuwa, n'kupukusa mutu.

"Tsiku lina lililonse mukanangonena, amadamu," anatero. "Akanakuimbirani mpaka kukhosi kuuma."